Kalata kwa akuluakulu osamala nkhalango ya Viphya, kuchokera kwa mwana wobadwira ku Chikangawa

Olemekezeka a Nduna oona za chilengedwe, akuluakulu a Nthambi ya za Nkhalango, aphungu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, makhansala a khonsolo ya M'mbelwa ndi ya Nkhata Bay, pamodzi ndi inu nonse amene munapatsidwa zigawo za nkhalango ya Viphya kuti muzidulamo mitengo,

Ndakupatsani moni mwaulemu wonse.

Ine ndine kalipentala, ndimagwira ntchito ku Mzuzu, koma mchombo wanga unakwiriridwa ku Chikangawa, kuseri kwa nyumba ya kulaini kumene makolo anga ankakhala. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata atamva kuti kumpoto kukulembedwa anthu odzala mitengo. Mayi anga ndi a ku Mzimba konkuno. Anakumana pa nazale, wina akuthira dothi m'machubu, wina akutunga madzi othirira mbande. Ndiye mukandifunsa kuti kwanu n'kuti, sindingatchule Dedza, chifukwa ndinakafikako ndili wamkulu kale. Kwathu ndi ku Chikangawa. Ndipo ichi ndicho chandilembetsa kalatayi: pamisonkhano yanu, pa wailesi ndi m'manyuzipepala, mukamatchula Chikangawa mumatchula mahekitala, matabwa, misonkho ndi moto. Sindinakumvenipo mukunena kuti kumeneko ndi kwawo kwa anthu.

Mbiri ya nkhalangoyi mukuidziwa, koma ndiloleni ndiifotokoze momwe ife tinaimvera kwa amene anaidzala. Kale mapiri a Viphya anali a udzu, mitengo yachilengedwe ili m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Atsamunda anayesako kudzala paini pang'ono m'zaka za m'ma 1950, koma ntchito yaikulu inayamba mu 1964, dziko litangolandira ufulu, pamene boma la Dr Kamuzu Banda linaganiza zodzala nkhalango yoti idzadyetse fakitale ya mapepala. Fakitaleyo inayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Mitengo inadzalidwa mpaka inakwana mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo Viphya inatchuka kuti ndi imodzi mwa nkhalango zazikulu zodzalidwa ndi anthu mu Africa muno. Wambiri unali paini uja ophunzira amati Pinus patula, wakwawo ku Mexico, wa masamba olendewera ngati ndevu za chimanga, ndipo pena anadzala bulugamu.

Nambala ya 53,000 imatuluka msanga pakamwa. Koma hekitala imodzi yokha ndi yaikulu kuposa bwalo la mpira, ndipo dzenje lililonse m'mahekitala onsewo linakumbidwa ndi khasu, mbande iliyonse inasenzedwa pamutu kukwera nayo phiri, mvula ya Januwale ikugwa. Anthu anachokera ku Chitipa, ku Karonga, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Kasungu, ku Ntcheu, ku Mulanje. Boma linawamangira nyumba m'masiteshoni: Chikangawa, Luwawa, Nthungwa, Mazamba, Champhoyo, Kalungulu, Lusangazi. Pamene panali udzu ndi nkhungu zokha panamera midzi. Inu munadzala mitengo, koma pamodzi ndi mitengoyo munadzalanso anthu, ndipo anthuwo anagwira mizu.

Fakitale ya mapepala ija sinamangidwe. Ndalama zake zinali zambiri, ndipo panalinso mantha oti zonyansa za m'fakitale zidzaononga nyanja. Mitengo yokha sinadziwe kuti mapulani asintha, inangopitiriza kukula. Ife ana obadwa nthawi imeneyo tinakula nayo limodzi.

Ndikufuna mudziwe momwe moyo unalili, osati chifukwa cholira zakale, koma kuti muone chimene chinkasunga nkhalangoyo. Kunja kusanache chitsulo chinkalira. Abambo ankatuluka atafunda majekete, zikwakwa ndi nkhwangwa zili paphewa, n'kukaima pamzere kwa kapitawo amene ankaitana maina m'buku. M'mwezi wa Juni ndi Julayi nkhungu inkatsika mpaka pakhomo, moti nyumba ya aneba osaioneka, ungomva mayi wa kumeneko akutsokomola ndi kuwaza nkhuni. Madzi a m'ndowa ankaluma zala. Ife popita kusukulu tinkayenda pa masamba ouma a paini, ofewa ngati mphasa, fungo la utomoni lili m'mphuno, ndipo mphepo ikamaomba pamwamba pa mitengo zinkamveka ngati mtsinje wodzaza. Mpaka lero ndikapala thabwa la paini, fungo lija likatuluka, ndimaona msewu wa kusukulu kwathu.

Pa laini imodzi pankamveka Chitumbuka, Chitonga, Chichewa, Chinkhonde ndi Chilomwe. Mwana wa kumeneko ankayankha "yewo" kwa uyu, "zikomo" kwa uyo, osadziwa n'komwe kuti akusintha chilankhulo. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano a ku Nkhata Bay ankatulutsa malipenga ndi chilimika, a ku Mzimba ankaponda ingoma, ife ana tikuthamangira uku ndi uko. Mwezi ukatha, tsiku lolandira, pamsika pankadzaza: usipa wochokera kunyanja, mbatata ya kachewere, nyemba, kaunjika. Mvula ikagwa amayi ankalawirira kukazula bowa, wina wodya, wina wokaika m'mbale m'mbali mwa msewu wa M1 kudikira a pagalimoto. Maliro akagwa panalibe zofunsa kuti womwalirayu ndi wa mtundu wanji. Kwawo kunali kutali, ndiye abale ake tinali ife. Amuna ankakhoma bokosi usiku womwewo, amayi ankasonkha ufa khomo ndi khomo. Ambiri mwa amene anadzala Viphya anagona komweko, pakati pa mitengo yawo, ndipo manda awo alipo.

Koma chachikulu chimene ndimakumbukira ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, munthu sankagona tulo tonse. Udzu usanaume n'komwe, magulu a anthu anali atalambula kale njira zotchinga moto kuzungulira chigawo chilichonse. Pamwamba pa mapiri panali nsanja, ndipo pa nsanjapo pankakhala munthu usana ndi usiku, maso ali ku utsi. Usiku wina ndili ndi zaka ngati khumi, chitsulo chinalira pakati pa usiku, kulira kosalekeza. Bambo anadzuka osayatsa nyali, mayi anawathirira madzi m'botolo, ndipo pamene ndinasuzumira pazenera ndinaona laini yonse ikutuluka, ngakhale amene anali patchuthi, ngakhale anyamata amene sanali pantchito. Kumwamba cha kum'mawa kunali kofiira. Anabwerako dzuwa litakwera, nsidze zitawauka, malaya atabooka mabala a moto, mawu atasasa. Anakhala pakhonde osalankhula, nsima ikuzizira. Kenako anangoti, "Chigawo chija ndinadzala chaka chimene unabadwa iwe." Ndinaona misozi ikudula mizere pa mwaye umene unali kumaso kwawo.

Bwana Nduna, munthu ameneyo sankalira chifukwa cha malipiro. Malipiro anali ochepa, ndipo sindikunena kuti nthawi imeneyo inali yopanda zowawa. Akapitawo ena anali ankhanza, ndipo munthu sankayankha. Koma ankadziwa kuti nkhalangoyo ikakhalapo iyenso alipo: nyumba yake, sukulu ya ana ake, ntchito ya mwana wake mawa. Moto ukayaka unkayaka m'munda mwake. Akulu amati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto, ndipo anthu aja sankadikira kuti wina awauze zimenezo.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Boma linachepetsa antchito ake, ndipo m'nkhalango amene anachoka ambiri anali omwe aja a zikwakwa, a pa nazale ndi a pa nsanja. Malole anabwera kudzanyamula mabanja. Nyumba zina zinatsala zopanda anthu, zitseko n'kuyamba kuzulidwa. Kumapeto kwa zaka zomwezo, pa nthawi yogulitsa makampani a boma, fakitale ya matabwa ya Viply ku Chikangawa inapita m'manja mwa kampani ya Raiply, imene inapatsidwanso mahekitala 20,000 kuti iziwasamala. Chilungamo chake n'chakuti fakitale imeneyo ndiyo yasunga moyo wa Chikangawa mpaka lero. Pakanapanda iyo bwenzi pamalopo patatsala zikwangwani zokha. Mbali yotsala ija, mahekitala oposa 30,000, inakhala m'manja mwa boma, koma boma lopanda manja okwanira oigwirira ntchito. Ndipo inali nthawi yomweyo imene mitengo ya mu 1964 ndi zaka zotsatira inali itakhwima, yoongoka, yonenepa moti munthu mmodzi sangaikumbatire.

Zimene zinatsatira munaziona nokha. Ziphaso zodulira mitengo zinatuluka ngati mvula. Anabwera a macheka a pamanja, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje, utuchi ukumuthira m'maso. Anabwera a makina oyenda nawo. Anabwera ogula ochokera kunja, ndipo malole ataliatali ankatsika usiku ndi usana, ena kulowera ku Songwe, ena ku Lilongwe ndi kupitirira. M'nkhalango munamera misasa ya zigwagwa ndi mapepala apulasitiki, yopanda chimbudzi, yopanda mjigo, yopanda chipatala. Ndalama zinayenda, zoona, ndipo ena anamanga nyumba m'matauni ndi kugula magalimoto. Koma odula anali ambiri, odzala ochepa. Amene amayenda pa M1 kuchokera ku Mzimba kupita ku Mzuzu akukumbukira momwe kale galimoto inkalowera mumdima wa mitengo masana, ndi momwe pambuyo pake mapiri anayamba kuonekera zitsa zokhazokha, Mwala wa Njovu uli poyera ngati wametedwa.

Msuweni wanga anagwira ntchito m'misasa imeneyo. Poyamba ankasenza matabwa kuchokera kuchigwa kukafika pamene lole ingaime, nkhata pamutu, matabwa aawisi akudontha madzi, malipiro owerengera thabwa limodzilimodzi. Amayi ambiri ankagwira ntchito yomweyo, ena mwana ali kumsana. Kenako anamuika pa makina. Tsiku lina thabwa linakana, iye n'kulikankha ndi dzanja, sowo n'kumudula zala zitatu. Anamumanga ndi malaya ake omwe, n'kudikira lole yoti idzaze kaye matabwa kuti imutengere kumsewu. Mwini makinawo, amene sindimutchula dzina, anam'patsa ndalama ya basi ndi mawu oti akachira adzabwere. Pamene anabwerera anapeza msasa utasamuka, patatsala mulu wa utuchi ukufuka utsi. Panalibe pepala lililonse losonyeza kuti anagwirapo ntchito. Lero amalima kachewere ndi dzanja limodzi ndi theka. Ndikamuona akumanga thumba ndi mano, ndimadzifunsa kuti pa ndalama zonse zimene zinatuluka m'nkhalango ija, gawo lake linali liti.

Ndipo si zala zokha zimene zinatsala m'misasamo. Ana anasiya sukulu chifukwa ganyu yosenza matabwa inkapatsa ndalama tsiku lomwelo. Atsikana anatengedwa ndi amuna a ndalama za matabwa amene sanabwerenso. Matenda analowa, tinaika anzathu ambiri. Ndinapitako pa sukulu ina ya m'mudzi woyandikana ndi nkhalango kukakonza zitseko, ndipo ndinapeza ana a sitandade 3 atakhala pansi, pa simenti yozizira ya ku Viphya, pamene malole a matabwa ankadutsa pamsewu tikuwaona pazenera. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zikundiwawabe.

Tsopano ndilankhule ngati kalipentala, chifukwa apa ndiye ndili ndi umboni umene ndimaugwira ndi manja tsiku lililonse. Matabwa ndimagula ku msika wa Zigwagwa, ndipo thabwa limanena lokha momwe mtengo wake unakulira. Paini amafuna zaka ngati 25 kuti akhwime, ndipo m'zaka zimenezo amafuna kumusamala ngati mwana. Akadali wamng'ono umamutchetchera udzu kuti usamutsamwitse. Akakula pang'ono umamusadza nthambi zam'munsi kuti thunthu likule losalala. Kenako umapatulira, kuchotsa ofooka kuti otsalawo anenepe. Ukadumpha chimodzi mwa izi, palibe amene adzaone chaka chimenecho. Zidzaoneka patapita zaka makumi awiri, pa benchi ya kalipentala. Matabwa amene ndinaphunzirira ntchito anali aatali, otambalala, oyera, mfundo apo ndi apo. Amene ndikugula masiku ano ambiri ndi opyapyala, odzaza mfundo zakuda zimene zimagwa n'kusiya bowo, ena a mtengo wanthete woti ukauma umapindika ngati uta, ena akuda m'mbali chifukwa anachekedwa ku mitengo yopsa. Ukakhoma chitseko lero, pofika mwezi wa mawa mwini wake wabwera kuti sichikutsekeka. Mtengo wake nawo wakwera moti munthu wamba akumaopa kufolera nyumba. Mfundo iliyonse imene ndimakumana nayo ndi nthambi imene panalibe munthu woisadza. Anthu aja munawachotsa kuti musunge ndalama, ndipo dziko lonse likulipira tsopano pa thabwa lililonse.

Za moto wa masiku ano, tisanamizane. Aliyense wokhala kumeneko amadziwa kuti moto wambiri suyaka wokha. Wina ndi wa osaka nyama ndi ofula njuchi. Koma wina ndi wa mkwiyo: munthu wagwira ganyu yodzala kapena yolambula, miyezi yapita osalipidwa, wina wamanidwa malo odula pamene mnzake wodziwika wapatsidwa, wina akudziwa kuti mitengo ikapsa idzagulitsidwa msanga ndi motchipa. Sindikuikira kumbuyo wotentha nkhalango. Ndinaona nkhope ya bambo anga m'mawa uja, ndipo munthu woyatsa dala moto m'paini ndimamuona ngati wotentha nkhokwe ya mudzi. Koma funso limene ndikufuna mulilingalire ndi lina: utsi ukayamba kufuka lero, ndani amathamanga? Kale laini yonse inkatuluka. Lero anthu ambiri amaima pakhomo n'kumayang'ana, amvekere "za eni ake." Munatumizako asilikali, ndipo mwina kuba kunachepa pamene iwo analipo. Koma msilikali sangasadze nthambi, sangakhale pa nazale, ndipo tsiku lake lobwerera ku kampu limafika. Amene amatsala ndi ife.

Pa 10 Juni 2024 dziko lonse linatchula dzina la kwathu. Ndege ya asilikali imene inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango imeneyi, cha ku Nthungwa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira, onse atatisiya. Tinalira pamodzi ndi Amalawi onse, ndipo ife odziwa nkhungu ya kumeneko tinalira modziwa momwe imatsekera phiri m'mwezi umenewo. Mizimu yawo iuse mumtendere. Kuyambira pamenepo, ndikauza munthu kuti kwathu ndi ku Chikangawa, nkhope yake imagwa, ndipo chimene amakumbukira ndi ndege basi. Sindikudandaula kuti anthu akukumbukira, n'koyenera kutero. Ndikungopempha kuti inu akuluakulu mukamabwera kudzayala nkhata za maluwa, muzipatukirako kumalaini ndi kumidzi. Pafupi pomwepo pali anthu amoyo, amene amadziwa kanjira kalikonse ka m'nkhalangomo, ndipo akhala akudikira kwa zaka zambiri kuti wina awafunse maganizo awo.

Pempho langa loyamba, ndiponso lalikulu, ndi lakuti anthu a ku Chikangawa ndi midzi yozungulira akhale ndi gawo looneka ndi maso pa nkhalangoyi. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene munalikonzanso mu 2020, limalola kuti anthu okhala pafupi ndi nkhalango atenge nawo mbali poisamala. Mawuwo ali m'buku, koma mayi wozula bowa ku Mazamba sanawaonepo akusanduka kanthu. Pa ndalama zimene boma limatolera kwa odula mitengo, pakhale gawo lodziwika lotsalira kumeneko, ndipo chaka chilichonse lilembedwe pa bolodi, pa ofesi ya siteshoni ndi pa bwalo la mfumu: talandira zakuti, tagula madesiki akuti, takumba mjigo pakuti. Mapangano amene mumasainirana ndi makampani ndi magulu a ocheka matabwa asamakhale achinsinsi. Tiwerengereni m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, kuti tidziwe kuti wakuti anapatsidwa mahekitala angati, kwa zaka zingati, analonjeza kudzala angati, ndipo wadzala angati. Amene wadula osadzala alandidwe malowo, kaya ndi wachipani, kaya ndi mlamu wa yani. Amene akudzala ndi kusamala, ndipo alipo, muwateteze kuti asamaone thukuta lawo likupsa chaka ndi chaka.

Pa zodzalazo ndionjezepo. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala ndi mwambo waukulu: matenti, magule, bwana atagwira mbande akujambulitsa. Ife timafuna tidzakuoneninso mu Okutobala, pamalo omwewo, mukuwerenga kuti yapulumuka ingati. M'mera mpoyamba, ndipo paini wa chaka chimodzi amafa ndi moto wa udzu wofika m'mawondo. Lembaninso anthu okhazikika a pa nazale, olambula ndi a pa nsanja, ochokera m'midzi yomweyo, ndipo malipiro awo azifika udzu usanaume, osati moto utadutsa kale. Konzani nsanja zija ndi misewu ya m'kati mwa nkhalango. Ana athu amene akuphunzira za nkhalango ku Mzuzu University ndi ku koleji ya ku Dedza akamaliza asamakagulitse mayunitsi m'tauni pamene Viphya ikusowa woiyang'anira. Ndipo mitengo yachilengedwe ya m'zigwa muisiye. Mitsinje ngati Kasitu ndi Luweya imayambira m'mapiri amenewa, ndipo amene amamwa madzi ake kumunsi ndi ambiri kuposa ife.

Za anthu ogwira ntchito pa makina sindichulutsa mawu, msuweni wanga wandilankhulira kale. Chiphaso chodulira mitengo chisamaperekedwe kwa munthu amene alibe buku la maina a antchito ake, zodzitetezera, ndi njira yothamangitsira wovulala kuchipatala. A ofesi ya zantchito azifika m'misasa, osati kuthera pamsewu wa tala.

Pali nkhani ina imene simuiganizira chifukwa pa mapu anu Chikangawa ndi nkhalango basi. Munthu akhoza kubadwira kumeneko, kukulira kumeneko, kugwira ntchito zaka makumi atatu, koma tsiku lopuma ntchito alibe poti n'kuimika nyumba yakeyake. Amauzidwa kuti abwerere kwawo. Bambo anga atapuma anapita ku Dedza, kumudzi kumene anachokako ali mnyamata. Anakapeza minda itagawidwa kale, anzawo atamwalira, ana a abale awo akuwatcha "a ku Mzimba aja." Anakhalako mwaulemu, koma mtima unali kuno. Ndikapita kukawaona, funso loyamba silinali la adzukulu. Ankafunsa ngati mvula yayamba ku Viphya, ndiponso ngati chigawo chakuti chadulidwa. Khalani pansi ndi mafumu ndi makhonsolo awiriwa, mupatule malo odziwika bwino oti anthu apatsidwe mapuloti ndi mapepala ake, pakhale msika womangidwa bwino, madzi a m'mipopi, ndi malo oti akalipentala ndi opanga mipando azigwirira ntchito pafupi ndi pamene mitengo ikuchokera. N'chifukwa chiyani thabwa lizichoka ku Chikangawa lili laliwisi, kukasanduka tebulo ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, pamene achinyamata a pamalopo akungokhala? Munthu amene ali ndi nyumba yake ndi shopu yake m'mphepete mwa nkhalango sangaonerere moto.

Chomaliza ndi chaching'ono, sichifuna ndalama zambiri, koma chikufulumira kuposa zonse. Amene anadzala Viphya akutha. Otsalawo ndi okalamba, ena ali ku Chikangawa konko, ena anabalalika m'midzi ya m'maboma onse. M'mitu mwawo muli zinthu zimene sizili m'fayilo iliyonse: chigwa chimene chisanu chimapha mbande, phiri limene moto umakonda kulumphira, kasupe amene saphwa, nyimbo zimene ankaimba pokumba mayenje. Tumizani ophunzira akawajambule mawu asanapite. Patulani chipinda chimodzi mwa nyumba zakale zija, muikemo zithunzi, mabuku a kapitawo, macheka a pamanja, chitsulo chija chinkatidzutsa. Lembani maina awo pakhoma. Manda awo alambulidwe ndi kutchingidwa, kuti makina odula mitengo asamadutsepo. Mwana wa sukulu wa ku Chikangawa adziwe kuti nkhalango imene akuiona sinamere yokha, anaidzala ndi agogo ake.

Ndinapitako mwezi wathawu. Nyumba imene ndinabadwiramo ilipo, denga lachita dzimbiri, mukukhala banja lina limene linandilandira ndi madzi akumwa nditawauza kuti ndine ndani. Ndinayenda mpaka ku chigawo chija bambo analira. Chinadzalidwanso, chinadulidwa, ndipo tsopano pali paini wamng'ono wondifika m'chiuno, wobiriwira bwino, koma udzu wamuzungulira mpaka m'khosi ndipo sindinaone njira yotchinga moto mbali iliyonse. Ndinazula udzu kuzungulira mitengo ingapo ndi manja mpaka dzuwa linapendeka, kenako ndinathamangira basi.

Bwerani mudzaone chigawo chimenecho mwezi wa Ogasiti usanafike. Mukabwera musadzathere pa ofesi. Mudzagone usiku umodzi, mudzadzuke ndi nkhungu, ndipo mudzaitanitse amayi osenza matabwa, anyamata a pa makina ndi madala amene anadzala mitengo yoyamba kuti adzakhale kutsogolo, osati kumbuyo kwa tenti. Mukalengeza tsiku pa wailesi, ine ndidzatseka shopu, ndidzabwera ndi msuweni wanga ndi chikwakwa cha bambo anga, chimene ndikusungabe.

Ine wanu mwaulemu,

Kalipentala wa ku Mzuzu, mwana wa ku Chikangawa